Giyabokosi ya Lole ya Otomatiki: Kuikonza Kuti Ilimbe ndi Kukhalitsa

Masiku ano anthu ambiri a kumudzi ali ndi gawo pa galimoto. Wina anagulitsa fodya kapena nandolo nagula lole yaing'ono. Wina anatumiziridwa ndalama ndi mwana wake amene ali pa ntchito ku Johannesburg. Ena anasonkherana pachibale. Malole amenewa ndiwo amatuta kabichi ndi matimati ku Bvumbwe kudza nazo ku misika ya Limbe ndi Ndirande, ndiwo amatuta mchenga ndi njerwa zomangira nyumba zatsopano ku Machinjiri, ndipo pakagwa zovuta ndiwonso amanyamula anthu opita kumaliro. Tsono lole ikaima, si dalaivala yekha amene amasauka. Banja lonse limagona ndi njala, ndipo ana amabwezedwa ku sukulu.

Magalimoto ambiri amene tili nawo ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan. Amadza pa sitima zapamadzi kufika ku Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, ndipo ena amadzera ku Durban kapena ku Beira. Amatiyenera chifukwa ku Japan nakonso amayenda kumanzere kwa mseu monga ife. Koma ambiri mwa iwo, ngakhalenso malole ena ang'onoang'ono, ndi a otomatiki, ndiko kunena kuti amasintha okha magiya, ndipo alibe chopondera cha klatchi. Eni malole ena amadandaula kuti giyabokosi yotere njosalimba. M'phunziro la mwezi uno tifuna kukufotokozerani magwiridwe ake a ntchito, chimene chimaipha, ndiponso makonzedwe ake oyenera, kuti inu mwini lole musanyengedwe pa galaja.

KUMENE INACHOKERA

Giyabokosi ya otomatiki si chinthu chachilendo ai. M'chaka cha 1905 mmisiri wa ku Germany, dzina lake Hermann Föttinger, anapeza njira yopititsira mphamvu ya injini kupyolera m'madzi kapena mafuta, popanda zitsulo kukhudzana. Iye anakonzera sitima zapamadzi njira imeneyi. Pambuyo pake, m'chaka cha 1939, kampani ya General Motors ya ku America inatulutsa giyabokosi yotchedwa Hydra-Matic, niiika m'magalimoto a Oldsmobile a chaka cha 1940. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse giyabokosi yomweyo inaikidwa m'akasinja ena a nkhondo. Lero lino kampani ya Allison imapanga magiyabokosi otere a mabasi ndi malole akuluakulu, ndipo ku Japan kampani za Aisin ndi Jatco zimapanga ambiri a iwo amene ali m'magalimoto a Toyota ndi Nissan.

Taonani tsono: chinthu chimene chinayendetsa akasinja sitingachinene kuti nchofooka mwa chibadwidwe chake. Chimafooka chifukwa cha kusenzetsedwa mopyola muyeso ndi kusasamalidwa.

ZA M'KATI MWAKE

Mukathira madzi m'beseni ndi kuwatakasa ndi dzanja mozungulira, tsamba limene lili m'madzimo limayamba kuzungulira nalonso, ngakhale simunalikhudze. Umu ndimo chimagwirira ntchito chiwalo choyamba, chimene amisiri amachitcha torque converter. Ndi chitsulo chobulungira, chodzala ndi oyilo, chokhala pakati pa injini ndi giyabokosi. M'kati mwake muli gudumu la mapiko limene injini imazungulitsa, ndipo limaponya oyilo pa gudumu lina la mapiko limene limapititsa mphamvu ku magiya. Pakati pa awiriwo pali kagudumu kachitatu kobweza oyilo, ndipo nchifukwa cha kameneka kuti ponyamuka mphamvu yopotokola ya injini imachuluka pafupifupi kawiri. Koma dziwani ichi, pakuti ndipo pagona nkhani yonse: nthawi iliyonse pamene gudumu loyamba lithamanga koposa lachiwiri, oyilo amatakasika natentha kwambiri. Magiyabokosi ambiri ali ndi kaklatchi kamene kamamanga magudumu awiriwo pamodzi lole ikafika pa liwiro labwino, ndipo pamenepo kutentha kumachepa. Pokwera chitunda pang'onopang'ono ndi katundu wolemera, kaklatchiko kawirikawiri sikagwira.

Chiwalo chachiwiri ndi magiya eni ake. Pali giya imodzi pakati, timagiya tating'ono toizungulira, ndi mkombero wa mano kunja. Mukagwira chimodzi mwa zitatuzi kuti chisayende, ndi kuzungulitsa china, chachitatucho chimayenda pa liwiro lina. Chotero magiya sasunthidwa monga m'giyabokosi wamba. Mano ake ali olumana nthawi zonse.

Nanga chimene chimagwira ndi kumasula nchiyani? Ndicho chiwalo chachitatu: mbale za klatchi. Ndi mbale zopyapyala zosanjikizana, ina yachitsulo, ina yomatidwa chinthu chonga pepala lolimba, ina yachitsulo, motero motero. Oyilo akakankha pisitoni, mbalezo zimapanikizana ndi kuyenda ngati chinthu chimodzi. Oyilo akabwerera, zimalekana.

Chiwalo chachinayi ndi pampu imene imakankha oyilo, pamodzi ndi valve body, chitsulo cha tinjira tambirimbiri tokhotakhota ngati mauna a chiswe. M'menemo muli timavavu ndi timipira tating'ono totsegula ndi kutseka njira za oyilo. M'magalimoto a zaka zaposachedwa muli kompyuta imene imalamulira timavavuto ndi magetsi.

Mwaona kuti pa chiwalo chilichonse tatchula oyilo. Oyilo ameneyu, amene pa botolo amalembapo ATF, ali ndi ntchito zinayi: amanyamula mphamvu, amapanikiza mbale, amafewetsa zitsulo, ndiponso amachotsa kutentha. Kale, kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ankasakanizamo mafuta a namgumi, chinyama chachikulu cha m'nyanja ya mchere, koma tsopano amagwiritsa ntchito mankhwala opangidwa m'fakitale.

MDANI WAMKULU NDI KUTENTHA

Oyilo wa giyabokosi amagwira bwino ntchito akakhala pafupi ndi madigiri 80. Akapitirira 120 amayamba kupsa msanga. Amada, amatha mphamvu, ndipo timphira totseka oyilo timauma ndi kung'aluka. Timphira tikang'aluka oyilo amapulumukira pambali, mbale sizipanikizana mokwanira, ziyamba kuterereka, ndipo kutererekako kumaonjezeranso moto. Potsiriza pepala lija limanyeka, phulusa lake nilitseka sefa ndi tinjira ta mu valve body.

Tsono ganizani za malo athu. Blantyre ndi mzinda wa mapiri. Chilomoni ali m'tsinde mwa Michiru, Zingwangwa ali m'tsinde mwa Soche, Ndirande ndi Bangwe ali ndi mapiri a maina omwewo. Kulikonse kumene lole ipita ipeza chitunda, ndipo m'makwalala ambiri imayenda pang'onopang'ono chifukwa cha maenje ndi anthu. Choposa zonse ndi mseu wa ku Chikwawa. Kuchokera ku Chikwawa kudzafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 50, koma lole imakwera kuchokera pa mamita pafupifupi 100 pamwamba pa nyanja ya mchere kufika pa mamita oposa 1,000, ndipo m'miyezi ya October ndi November kutentha kwa kuchigwa kumatha kupitirira madigiri 40.

Onjezanipo katundu. Thumba la chimanga kapena la simenti limalemera makilogalamu 50. Lole ya matani 2 iyenera kunyamula matumba 40 basi. Koma kodi si kawirikawiri timaona matumba 60 pa lole yotere, ndi anthu atakhala pamwamba pake? Amenewo ndi matani 3 tisanawerenge anthuwo. Mwini lole amakondwa kuti wapulumutsa ulendo umodzi wa dizilo, osadziwa kuti m'kati oyilo ali kupsa.

Adani ena ndi awa: oyilo woperewera chifukwa cha kudontha, oyilo wa mtundu wolakwika, ndi madzi. M'magalimoto ambiri oyilo wa giyabokosi amazizira podutsa m'kapaipi kamene kali m'kati mwa radiyeta. Kapaipiko kakabooka, madzi amasakanikirana ndi oyilo, ndipo amamatula pepala la pa mbale.

ZIZINDIKIRO ZA MATENDA

Giyabokosi siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula. Tcherani khutu ku izi:

1. Mwaika pa D kapena pa R, koma lole ichedwa kugwira, kenaka igwira mogunda.
2. Injini ilira kwambiri pa chitunda koma liwiro silionjezeka.
3. Posintha giya lole injenjemera kapena idumpha.
4. Oyilo, amene kawirikawiri amakhala wofiira ndi woyera bwino, wada ndipo anunkha ngati nsima yopserera.
5. Oyilo aoneka ngati tiyi wamkaka. Pamenepo mwalowa madzi. Imitsani lole tsiku lomwelo.
6. Pansi pamene lole inagona pali madontho ofiira.
7. Kanyale ka pa dashibodi kayaka kapena kaphethira.

Mukaona chimodzi mwa izi, musathamangire kuphwasula. Yambani mwayesa oyilo. Kenaka pitani kwa mmisiri amene ali ndi makina ofufuzira matenda a galimoto, pakuti nthawi zina vuto ndi waya woduka kapena kachipangizo kamodzi ka magetsi, ndipo kutsitsa giyabokosi yonse kukanakhala kutaya ndalama chabe. Mmisiri atsegulenso beseni la pansi pa giyabokosi ndi kuyang'ana maginito amene ali m'menemo. Fumbi losalala lachitsulo lochepa si loopsa ai. Koma mukapeza tizibenthu ta chitsulo kapena matope akuda ambiri, dziwani kuti m'kati mwaonongeka. Pamenepo kusintha oyilo sikuchiritsa, ndipo mankhwala a m'timabotolo amene ena amati amaletsa kuterereka sangabwezere pepala limene lanyeka kale.

NJIRA ZITATU

Mwini lole ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kugula giyabokosi ina yochotsedwa m'galimoto lakale. Njira imeneyi njachangu, ndipo anthu ambiri amaikonda. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja angaitsuke iwale, koma simudziwa makilomita amene yayenda. Ngati mwasankha njira iyi, onetsetsani kuti nambala yolembedwa pa giyabokosiyo ifanana ndi ya yanu, pakuti ziwiri zingafanane maonekedwe koma magiya ndi mawaya ake nkukhala osiyana. Pemphaninso kalata yonena masiku amene mungaibweze ikapezeka yoipa.

Njira yachiwiri ndi kusintha chokhacho chimene chathyoka, ndi kutsekanso. Iyi njotsika mtengo lero, koma timphira tina tonse tinaphikidwa ndi moto womwewo, ndipo posachedwa mudzabweranso.

Njira yachitatu ndi kuphwasula yonse, kuyeza chiwalo chilichonse, ndi kuimanganso ndi zipangizo zatsopano. Imadya ndalama ndi masiku, koma kwa lole ya ntchito yolemetsa ndiyo yopindulitsa, chifukwa mumadziwa chimene chili m'kati, ndiponso mpata wakuilimbitsa umapezeka pamenepo.

Koma yambani mwadziwa mtundu wa giyabokosi yanu. Si zonse zopanda chopondera cha klatchi zimene zili monga tafotokozera. Malole ena a Mitsubishi Canter opangidwa kuyambira 2010 ali ndi mtundu wotchedwa Duonic, ena a Isuzu Elf ali ndi wotchedwa Smoother, ndipo timagalimoto tambiri tating'ono tili ndi CVT ya lamba wachitsulo. Iliyonse ili ndi makonzedwe ake ndi oyilo wake.

NTCHITO YAKE PA GALAJA

Ku Ndirande kuli amisiri aluso ndithu, otha kuukitsa galimoto limene ena analitaya. Koma ntchito iyi ili ndi lamulo limene silisintha: ukhondo. Kamchenga kamodzi kangathe kumanga vavu. Chotero giyabokosi isaphwasulidwe pa dothi kapena pa mphepo ya fumbi, koma m'nyumba, pa tebulo loyera. Itsukidwe kunja isanatsegulidwe. Ziwalo zake zisapukutidwe ndi nsanza zothothoka ulusi. Ziumitsidwe ndi mpweya wa kompresa.

Potsitsa giyabokosi, lole iimikidwe pa zochirikiza zachitsulo zolimba ndi pamalo osatsetsereka. Munthu asalowe kunsi kwa lole imene yakwezedwa ndi jeke yekha kapena yatsamira pa njerwa.

Pophwasula, mmisiri wabwino amandandalika ziwalo monga momwe zatulukira, ndipo amajambula chithunzi cha valve body ndi foni yake asanasunthe timipira tija, pakuti kamodzi kakalowa m'dzenje la kanzake lole ingathe kusowa giya. Akhalenso ndi buku la giyabokosi imeneyo, chifukwa miyeso yonse ili m'menemo.

Zimene ziyenera kukhala zatsopano ndi izi: mbale zonse za pepala, timphira tonse, magasiketi onse, ndi sefa. Mbale zachitsulo zimene zapindika kapena zasanduka zobiriwira ndi moto zichotsedwe. Mabushi amene mashafuti amazunguliramo ayang'anidwe, pakuti bushi yakutha imataya oyilo m'kati, ndipo mbale zatsopano zimapsanso msanga. Pampu iyezedwe. Mano a magiya ayang'anidwe limodzi limodzi. Timavavu titsukidwe kufikira kalikonse kaziyenda kokha m'dzenje lake popanda kukakamiza.

Pomanga pali zinthu zinayi zimene amisiri othamanga amadumpha, ndipo inu mwini lole muzifunse. Choyamba, mbale zatsopano za pepala ziviikidwe mu ATF kwa theka la ola zisanaikidwe. Mbale youma imapsa pa ulendo woyamba. Chachiwiri, mpata wa pakati pa mbale uyezedwe ndi timasamba tachitsulo toyezera. Kawirikawiri umakhala pafupi ndi milimita 1 kapena 2, koma buku ndilo limanena. Ukachepa mbale zimakhuzana ngakhale zitamasulidwa. Ukakula zimachedwa kugwira. Chachitatu, klatchi iliyonse iyesedwe ndi mpweya: mmisiri akapopera m'dzenje la oyilo, pisitoni igunde momveka, ndipo pasamveke mpweya wopulumuka. Chachinayi, mabawuti, makamaka a valve body, amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, chifukwa kumangitsa kumapinda chitsulocho. Pomata tiziwalo tating'ono kuti tisagwe, agwiritse ntchito Vaseline amene amasungunuka mu oyilo, osati girisi wa mahabu amene amatseka tinjira.

Zatsala ziwiri zimene zaphetsa magiyabokosi ambiri okonzedwa bwino. Phulusa la mbale zakale limabisala mu torque converter ndiponso m'mapaipi opita ku radiyeta. Torque converter njowotcherera, siitsukika bwino m'kati. Ngati giyabokosi inapsa kwambiri, pafunika ina yabwino. Mapaipi ndi choziziritsira zitsukidwe kufikira zotuluka ziyere. Mukapanda kutero, muli ngati munthu wothira madzi a pa mjigo mu mtsuko wa matope. Ndipo pobwezera, torque converter ilowe mpaka pansi penipeni pa pampu giyabokosi isanalumikizidwe ku injini. Ikatsala panjira, mabawuti pomangidwa amathyola pampu lole isanayende nkomwe.

KUILIMBITSA KOPOSA KALE

Popeza mdani wamkulu ndi kutentha, chithandizo choyamba ndi kuonjezera choziziritsira oyilo. Ndi karadiyeta kakang'ono koikidwa kutsogolo kumene kumaomba mphepo. Oyilo amayamba wadutsa mu radiyeta monga kale, kenaka m'karadiyetako, nabwerera ku giyabokosi. Mapaipi ake akhale opangidwira oyilo wotentha, ndipo amangidwe kuti asakhuzike pa chitsulo. Pa zonse zimene mungagule, ichi ndicho chimapindulitsa koposa poyerekeza ndi mtengo wake.

Chachiwiri ndi wotchi yoonetsa kutentha kwa oyilo, yoikidwa pamene dalaivala angaione. Imamuuza nthawi yopatuka ndi kupumitsa lole zinthu zisanaonongeke.

Chachitatu ndi mbale zabwino. Pamsika pali zipangizo zenizeni ndi zachinyengo, ndipo mabokosi ake amafanana. Gulani kwa ogulitsa odziwika, ndipo tengani lisiti. Pa mitundu ina ya giyabokosi pali mbale zopangidwira ntchito yolemetsa, ndipo pena mmisiri amatha kuonjezera mbale imodzi kuti zogwira zichuluke. Koma izi zichitike pokhapo pamene mpata ulola, pakuti mbale zopyapyala kwambiri sizipirira moto.

Chachinayi ndi kukonza valve body kuti oyilo azikankha mwamphamvu pang'ono, ndi kuti magiya azilowa msanga. Giya yolowa mwaulesi imamveka bwino kwa wokwera, koma nthawi yonseyo mbale zili kuterereka. Komabe mphamvu ikapyola muyeso lole imagunda posintha, ndipo zimathyoka ndi zitsulo. Ntchito iyi njoyenera mmisiri wodziwa, wokhala ndi wotchi yoyezera mphamvu ya oyilo.

Tsono tikuchenjezeni, abale. Giyabokosi yolimbitsidwa siisandutsa lole ya matani 2 kukhala ya matani 3. Mabuleki, masipuling'i ndi matayala akali omwe aja. Lole yokwera chitunda mosavuta ndi katundu wopyola muyeso iyeneranso kutsika matsitso, ndipo kumeneko ndiko kumafera anthu. Kulimbitsa nkwakuti lole ikhalitse pa ntchito yake yoyenera.

KUSANKHA MMISIRI

Safunsa anadya phula. Musanapereke makiyi, funsani mmisiri ngati anakonzapo giyabokosi ya mtundu umenewo, ndipo kacheze ndi eni magalimoto amene iye anawakonzera. Onani malo amene adzagwirirapo ntchito. Funsani ngati ali ndi buku ndi zoyezera. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, ndipo si mwano kufunsa mmisiri za setifiketi yake. Komabe alipo ena aluso amene anaphunzirira pa galaja. Amenewo ntchito zao ndizo mboni.

Mtengo ulembedwe pa pepala, zipangizo pazokha ndi ntchito payokha. Pemphani kuti ziwalo zakale akubwezereni. Mugwirizanenso za masiku amene iye adzakonzanso mwaulere vuto likabwerera. Ndipo musamfulumize. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mmisiri amene mwamuimirira pamsana kuti lole ituluke madzulo omwewo ndiye amadumpha kuviika mbale.

Lole ikatuluka, masiku oyamba inyamule katundu wopepuka. Yang'anani madontho m'mawa uliwonse, ndipo yesani oyilo kawirikawiri. Oyilo wakale asathiridwe m'ngalande kapena mu mtsinje wa Nasolo ndi Mudi, pakuti kumunsi kuli anthu ochapa ndi olima madimba.

MALANGIZO KWA DALAIVALA

1. Yesani oyilo pamalo osatsetsereka, injini itatentha. M'magalimoto ambiri injini ikhale ikulira, mpini uli pa P, mutaupititsa kaye m'malo ake onse. Oyilo wochuluka kwambiri amachita thovu, ndipo ngoipa ngati woperewera.
2. Thirani mtundu umene buku la galimoto linena. Dexron, amene General Motors inatulutsa mu 1967, ali ndi mitundu ingapo. A Toyota ali ndi T-IV ndi WS. Kufiira kokha si umboni wakuti ndi woyenera.
3. Lole ya ntchito yolemetsa isinthidwe oyilo msanga koposa galimoto loyendera. Kumbukirani kuti potsegula pansi amatuluka ndi gawo chabe. Wambiri amatsala mu torque converter.
4. Pa chitunda chachitali ndi katundu, zimitsani O/D kapena ikani pa 2, ndipo pokwera kwambiri pa L, kuti giyabokosi isamangosinthasintha.
5. Pa matsitso chitani chimodzimodzi, kuti injini ithandize mabuleki. Musaike pa N pofuna kupulumutsa dizilo. Mabuleki akatentha amaleka kugwira.
6. Musaimitse lole pa chitunda ndi chopondera moto. Pondani buleki.
7. Imani kotheratu musanachoke pa D kupita pa R, kapena pa R kupita pa D.
8. Poimika pamalo otsetsereka kokani handibuleki poyamba, kenaka ikani pa P. Chimene chimagwira pa P ndi kadzino kamodzi kachitsulo.
9. Mukatitimira m'matope musalimbane nawo nthawi yaitali. Tsitsani katundu, ikani miyala ndi nthambi, itanani anthu.
10. Lole ya otomatiki siilizidwa poikankha. Ndipo ikafa panjira, musaikoke mtunda wautali matayala a m'mbuyo ali pansi musanamasule shafuti yopita ku matayalawo, chifukwa injini ikazima pampu siiyenda, ndipo zitsulo zimazungulira zouma.
11. Oyilo akatentha kwambiri, patukani pamalo abwino, ikani pa P, ndipo injini izilira pang'onopang'ono kuti oyilo azungulire ndi kuzizira.

KWA APHUNZITSI

Inu aphunzitsi, muwawerengere phunziro ili makolo amene ali ndi malole m'mudzi mwanu. Ana a makalasi apamwamba mungawaonetse beseni la madzi ndi tsamba, kenaka muwafunse mafunso awa:

(a) Tchulani ntchito zinayi za oyilo wa giyabokosi.
(b) Lole ya matani 3 iyenera kunyamula matumba angati a makilogalamu 50?
(c) Munthu ali ndi matumba 120 ndi lole ya matani 2. Ayende maulendo angati?
(d) Nchifukwa ninji oyilo amatentha kwambiri pa chitunda koposa pa mseu wathyathyathya?
(e) Nchifukwa ninji nkoopsa kutsika phiri mpini uli pa N?

Mwana amene aonetsa chidwi pa zinthu izi mumlimbikitse pa masamu ndi sayansi, mnyamata kapena mtsikana. Magalimoto a otomatiki achuluka, koma amisiri odziwa kuyeza ndi kuwerenga buku la giyabokosi akufunikabe. Masukulu a ntchito zamanja alipo, ndiponso ku Blantyre kuli sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, kumene amaphunzitsa za uinjiniya.

Ndipo inu eni malole, werengani matumba anu musananyamuke, ndi kuyang'ana oyilo sabata iliyonse. Ulendo umodzi woonjezera ngwotsika mtengo koposa giyabokosi yatsopano.